Abiti Selemani ndi Makina Awo a Labala

Sabata yatha kunali sadaka ya Abiti Selemani, patatha chaka chimwalirireni. Ine ndine Mkhristu wa ku Nkope, koma anandiitana, ndipo ndinapita n'kukakhala kumbuyo pamodzi ndi madalaivala a minibasi. Duwa, pemphero lawo lija, itatha, mlendo wina wovala mkanjo woyera, amene sindikhulupirira kuti anawaonapo mayiwo ali moyo, anaimirira n'kunena kuti malemu anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana, womvera ana ake. Dalaivala amene anakhala pambali panga anatsokomola mpaka misozi. Ine ndinangoweramitsa mutu. Koma pobwerera kunyumba zinandiwawa. Kumuveka munthu wakufa khalidwe limene analibe n'kumukwirira kachiwiri. Abiti Selemani sanali ofatsa. Anali aliuma, apakamwa pakuthwa, ndipo ngati pali munthu amene ndinakangana naye kwambiri m'moyo wanga kuposa mkazi wanga, ndi iwowo.

Ndinawadziwa chifukwa cha khoma. Ine ndimawotcherera zitsulo ndi kuwongola magalimoto kuseri kwa depoti ya mabasi m'tauni ya Mangochi, ndipo shedi yawo inali yogundana ndi yanga. Pakati pathu panali malata okha. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinkamva makina awo akulira, ndinkapuma fungo la labala wopsa, ndinkamvanso aliyense amene ankakalipidwa.

Ntchito yawo inali yopanga malabala: aja ozungulira galasi la minibasi, a pachitseko cha filiji, a pachivundikiro cha bokosi losungiramo nsomba mu ayezi, ndi aja okhuthala amene amamangidwa m'mbali mwa boti kuti lisasweke likagunda pa doko. Anthu ambiri saganiza n'komwe kuti zinthu zimenezi pali amene amazipanga. Amangozikumbukira mvula ikayamba kudonthera pamwendo ali m'galimoto, kapena chambo chikawola mufiliji yosatsekeka bwino. Mayiwo ankati ntchito yawo imaoneka pokhapokha ikalephera, ndipo n'chifukwa chake sankayembekezera kuti wina awathokoze.

Mkangano wathu woyamba unali wa chubu. Ndisanawadziwe, galasi likagwedera ndinkangodula chubu chakale cha tayala, n'kupaka guluu, n'kupanikiza. Tsiku lina anandipeza ndikuchita zimenezo pa lole ya ku Makanjira. Anaima, manja m'chiuno.

"Che Matiya, mukumupha mnzanuyo."

"Amayi, ichi chigwira."

"Chigwira mpaka pa mlatho. Akangolowa mumsewu wafumbi uja akafika ali wofiira ngati njerwa. Chotsani."

Ndinawauza kuti asamale zawo. Anapita, n'kubwera ndi labala wamtali atamukulunga pamkono, n'kumuponya pamapazi anga. Sindinamutole tsiku limenelo. Ndinamutola mawa lake iwo asanafike, ndipo anadziwa, ndipo anandikumbutsa zimenezi mpaka ukalamba wawo.

Makina awo ankaoneka ngati makina ogayira nyama, koma aakulu ngati ng'ombe yogona. M'kati mwa chipaipi chokhuthala munali chitsulo chopotana chimene chinkazungulira pang'onopang'ono. Labala wosaphika ankabwera kuchokera ku Blantyre ali m'zipepala zakuda zokhuthala ngati chikopa, atasakanizidwa kale ndi mwaye, mafuta ndi salufa. Ukamukoka ankatalika osabwerera, ngati utomoni. Mayiwo ankamudula m'timizere, n'kumalowetsa pakukhosi kwa makinawo. Chitsulo chopotana chija chinkamukanda, kumutenthetsa ndi kumukankhira kutsogolo mpaka akafike pa dayi. Dayi ndi kambale kachitsulo kobooledwa mofanana ndi maonekedwe a labala amene ukufuna. Pamenepo ndi pamene ankatulukira, ali wotentha, akufuka, wamtali wosaduka, n'kugwera m'ngalande ya madzi kuti azizire. Kenako ankamuwaza ufa woyera kuti asamatirane, n'kumukulunga mosamala m'mathireyi, n'kumulowetsa m'thanki ya nthunzi. Kumeneko ndiye kunali kuphika kwenikweni. Labala akatuluka m'thankimo ankakhala wina: ukamukoka ankabwerera, ukamupanikiza ankadzuka.

Wotchi anali nayo koma sankaikhulupirira. Ankadula kachidutswa n'kukaluma ndi mano a m'mbali. Labala wosapsa amakakamira m'mano, wopsereza amathetheka, wabwino amakukankha. Mano awo a mbali imodzi anatha chifukwa cha zimenezi, ndipo mwana wawo atafuna kuwapititsa kwa dokotala wa mano anakana, amvekere manowo akugwira ntchito, asawasokoneze.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali kusema madayi. Munthu akabwera ndi labala wakale wa galimoto imene zipangizo zake sizipezekanso, ankadula kachidutswa mopingasa, n'kupaka inki, n'kudinda pa chitsulo. Koma sankasema motsata chidindocho ndendende. Labala akamatuluka pa bowo amafufuma, choncho bowo liyenera kuchepa. Komanso safufuma mofanana: ukaboola bowo la mbali zowongoka, labala amatuluka ali ndi mimba, ndiye mbalizo uyenera kuzipindira m'kati. Pamene pali pokhuthala amathamanga, pamene pali popyapyala amatsalira, ndipo ukapanda kutsegulira njira kumbuyo kwa malo opyapyalawo amatuluka atapiringizika kapena atang'ambika m'mphepete. Zonsezi ankazichita ndi kabowola ndi matupa ang'onoang'ono amene ankawasunga m'nsalu, ndipo palibe amene ankaloledwa kuwagwira. Ndinabwerekapo kamodzi osapempha. Sanandilankhule mpaka mwezi unaoneka wina.

Mbiri ya kumene anachokera ndinaimva mwapatalipatali, chifukwa sankakonda kufunsidwa. Anabadwira ku Makanjira. Anakwatiwa ali wamng'ono n'kupita ku Limbe ndi mwamuna wawo, amene pambuyo pake anapita ku Joni n'kusiya kulemba makalata. Anatsala ndi ana awiri. Abale anawauza kuti abwerere kumudzi akalime, pali bambo wina wofuna mkazi wachiwiri. Iwo anapita kukapempha ntchito yosesa pa fakitale ina ya labala. Ankasesa pafupi ndi makina dala, maso ali pa manja a amuna oyendetsa makinawo. Tsiku limene woyendetsa wina anabwera ataledzera, iwo anaika tsache pansi n'kuima pamalo pake, ndipo kapitawo atabwera kudzawachotsa anapeza labala akutuluka wowongoka. Amunawo anawanyanyala nthawi yaitali, kuwabisira zida, kuwaitana mayina. Akamafotokoza zimenezi sankadandaula. Ankaseka, n'kumatchula amunawo mmodzimmodzi ndi mmene aliyense anathera.

Fakitaleyo inatsekedwa pamene malabala otchipa ochokera kunja anadzaza m'masitolo. Makina akuluakulu anagulitsidwa. Kamakina kamodzi kakale, kamene kanali katatayidwa kuseri udzu utamera m'kati, anakapempha iwo. Anabwera nako ku Mangochi pa lole ya chimanga, iwo atakhala pamwamba pake. Anthu ankati mayi uyu wapenga, wabwera ndi chigayo chosagaya.

Anakangana ndi ambiri. Anakangana ndi amayi anzawo a kumzikiti amene ankati mkazi wa msinkhu wawo sayenera kumakhala pakati pa madalaivala tsiku lonse. Anawayankha kuti madalaivalawo amawaopa kuposa mmene amaopera apolisi a pamsewu, ndiye vuto lili pati. Swala sankaphonya: nthawi ikakwana ankazimitsa makina, kusamba bwinobwino, n'kuyala mkeka kuseri kwa thanki, ndipo kasitomala aliyense, ngakhale wa ku hotela za ku Makokola wobwera pa galimoto yonyezimira, ankadikira panja. Mwezi wa Ramadani ankamanga, osadya osamwa, ali pafupi ndi nthunzi, m'kutentha kwa Mangochi kuno, milomo itauma gwa. Ndinawauzapo kuti Mulungu amamvetsa. Anandifunsa kuti kodi ine ndinakhala liti mlembi wa Mulungu.

Anakangana ndi ogulitsa zipangizo za magalimoto amene ankafuna kuti azipanga labala wopyapyala, wotha msanga, kuti anthu azibwerabwera. Anakangana ndi aneba odandaula za fungo, ngakhale kuti pamenepo, kunena zoona, anebawo sankanama. Ndi ine ankakangana za chilichonse: phokoso la nyundo yanga, wailesi yanga, mmene ndinkalerera ana anga. Koma mkazi wanga atadwala nthawi yaitali, iwo ndi amene ankatseka shedi yawo masana n'kukakhala naye kuchipatala, ndipo pobwera ankandikalipira kuti ndamubweretsera phala lozizira.

Tsopano ndinene za dzanja, chifukwa aliyense amene anawadziwa m'zaka zawo zomaliza amakumbukira dzanja lamanja la zala ziwiri.

Anali atapitirira kale zaka makumi asanu ndi limodzi. Tsiku limenelo magetsi anazima makina ali m'kati mogwira ntchito. Labala akazizirira m'chipaipi amauma n'kutseka zonse, ndiye iwo anayamba kumukokamo ndi manja pakukhosi paja. Anaiwala kuzimitsa swichi. Magetsi anabwera mwadzidzidzi. Ine ndinamva mota ikudzuka, kenako mawu amene sindinawamvepo kwa iwo. Ndinadumpha pa malata n'kukagwetsa swichi. Pamene tinkawatulutsa dzanja, zala zitatu zinali zitapita.

Mwana wawo wamkulu, Che Yusufu, ali ndi sitolo ya nsalu m'tauni momwemuno. Anafika akuthamanga, n'kuwanyamula yekha amayi ake ngati mwana, magazi akutsikira pa malaya ake. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti Che Yusufu ndi munthu woipa. Iye ndi amene anaona dzanjalo lisanamangidwe. Iye ndi amene anagona pakhonde la chipatala. Ndipo kwa zaka zambiri anali akuwapempha amayi ake kuti apume, awamangira nyumba, chakudya sichisowa, anthu akumuseka kuti amasiya mayi ake okalamba akupsa ndi nthunzi. Ngoziyo inangotsimikizira zimene ankaopa.

Amayi ake ali chigonere m'chipatala, Che Yusufu anapangana ndi anthu ogula zitsulo zakutha. Anabwera m'mawa wina ndi lole, matcheni ndi anyamata amphamvu. Ine ndinamufunsa Che Yusufu ngati amayi akudziwa.

"Adzadziwa akachira, achimwene. Akadzapeza palibe, adzalira tsiku limodzi, basi. Kusiyana n'kuti ndidzawaike m'manda opanda mkono."

Ndinabwerera kushedi kwanga n'kumamenya chitsulo chimene sichinkafunika kumenyedwa.

Amene anakauza mayiwo anali Asiyatu, mwana wa mchimwene wawo, mayi wa ana atatu amene banja lake linali litatha ndipo ankawadikirira kuchipatalako. Anamva kwa mayi wina wogulitsa nsomba, ndipo sanathe kubisa. Abiti Selemani sanatsanzike namwino. Anavala mpango wawo, n'kutuluka, n'kukwera kabaza.

Dzuwa linali pamutu pamene anafika. Makina anali atakwera kale pa lole, anyamata akumanga zingwe. Ine ndinkayembekezera kukuwa kumene tauni yonse ikanamva. Sanakuwe. Anatsika pa njinga, dzanja lomangidwa bandeji atalinyamula pachifuwa, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwa lole. Anauza mnyamata wina kuti awagwire mkono wamanzere. Mnyamatayo, posadziwa kuti ndi ndani, anawathandiza. Anakwera, n'kukhala pansi atatsamira makinawo, n'kuwongola miyendo.

Mwini lole anabwera. "Amayi, tsikani, tikunyamuka."

"Nyamukani."

"Ndiye inu?"

"Ine ndi chitsulochi tinabwera limodzi. Mukakafika mukatikweze tonse pa sikelo."

Anthu anayamba kusonkhana. Madalaivala anasiya kuitanira, amayi a nsomba anabwera ndi mabeseni awo pamutu. Wina anathamangira kukaitana Che Yusufu. Atafika n'kuona amayi ake pamwamba pa lole, anavula chipewa chake n'kuchifinya m'manja.

"Amao, mukundichititsa manyazi pa anthu."

"Wagulitsa chitsulo cha ndani?"

"Chakudulani zala, amao. Chidzakuphani."

"Makina sanandilume, Yusufu. Ndinawapatsa ndine dzanja. Kulakwa n'kwanga, ndipo ndikudziwa pamene ndinalakwa. Ndakufunsa kuti wagulitsa chitsulo cha ndani."

Che Yusufu anayamba kufotokoza za nyumba imene anawamangira, za adzukulu amene akufuna agogo awo, za mmene iye sanagonere chichitikireni ngoziyo. Ankalankhula misozi ikutsika, bambo wa ndevu zake, pamaso pa depoti yonse. Amayi ake anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Chitsulo ichi ndi chimene chinakulera iwe bambo ako atatayika. Sitolo yakoyo inatuluka pa dayi. Lero chandipweteka kamodzi, ndiye ukuti chikaphwanyidwe? Ine ndikadzakupweteka kamodzi udzandigulitsanso?"

Pamwamba pa lole panalibe mthunzi. Chitsulo chinatentha moti sukanachigwira. Che Yusufu anatuma munthu kukagula madzi, n'kuwapatsira m'mwamba. Iwo anangoti, "Ngwamba," kutanthauza kuti ayi, osayang'ana n'komwe botololo. Asiyatu anakwera ndi ambulera, iwo anamuuza kuti atsike. Mwini lole anawopseza kuti aitana apolisi. Dalaivala wina wachikulire anamuuza kuti aitane, koma adziwe kuti lole yake sidzapezanso njira yotulukira pa depoti imeneyi. Nthawi inkapita. Kenako tonse tinaona kuti bandeji yayamba kufiira. Poyamba kadontho, kenako kufalikira mpaka pachigongono. Nkhope yawo inachita phulusa, koma maso anali gwa pa mwana wawo.

"Amao, tiyeni kuchipatala. Zinazi tikakambirana."

"Makina akatsika, inenso nditsika."

"Mufa apa!"

"Ndiye udzagulitsa bwino, popanda wokufunsa."

Che Yusufu anaponya chipewa chake pansi, n'kukwera pa lole, n'kuyamba kumasula zingwe ndi manja ake. Madalaivala anathamangira kukathandiza, ine ndinabweretsa mapaipi ogubuduzira, ndipo tinawatsitsa makinawo n'kuwakankhira m'shedi. Mayiwo anakana kutsika mpaka ataona ndi maso awo kuti alowa. Pamenepo m'pamene analola kuti mwana wawo awanyamule, ndipo asanafike pa galimoto anakomoka.

Nkhaniyi anthu amaikonda kuithera pamenepa, koma chovuta chinali m'tsogolo. Atachira anapeza kuti dzanja lotsalalo silingagwire tupa. Anayamba kuphunzira kusema ndi lamanzere, ali nkhalamba. Ndinkamva kudzera m'malata tupa likukwecha, kenako chitsulo chikuponyedwa kukhoma, kenako mawu a Chiyao amene sindingawalembe pano. Dayi yoyamba imene anamaliza inali ya filiji ya amayi ena ogulitsa nsomba. Labala anatuluka atapiringizika ngati njoka yopondedwa. Yachiwiri anatuluka atang'ambika mlomo. Amayi a nsombawo anadikira, kenako anatopa n'kukagula wa m'sitolo. Makasitomala ena anasiya kubwera, poganiza kuti mayiwo atha. Tsiku lina ndinalowa n'kuwapeza atakhala pansi, tupa lili pamwendo, akuyang'ana dzanja lawo. Ndinanena kuti mwina ndingamawasemere ine, iwo azingondiuza.

"Inu? Amene mumawotcherera ngati nkhuku yachita chitosi?"

Ndinatuluka. Koma mawa lake anandiitana kuti ndiwapangire zinthu ziwiri: chotchinga pakukhosi kwa makina kuti dzanja lisafikenso pa chitsulo chopotana, ndi chogwirira chachitsulo choti azimangirira tupa ku dzanja lopuwalalo ndi lamba. Anaitananso wa zamagetsi kuti aike swichi yoti magetsi akazima n'kubwera, makina asadzuke okha. Ankati munthu wopusa ndi amene amalumidwa kawiri pamalo amodzi. Pa chogwiriracho tinakangana masiku angapo, chifukwa chilichonse chimene ndinapanga chinali cholakwika, mpaka chimene chinagwira, ndipo ngakhale icho anati n'chonyansa.

Ndi manja awiri tsopano, lamanja likukankha, lamanzere likuwongolera, madayi anayamba kubwerera. Sanafikenso pa liwiro lakale. Dayi imene kale ankaimaliza tsiku limodzi inkawatengera sabata. Koma labala anayambanso kutuluka wowongoka. Asiyatu ndi amene anayamba kulowetsa labala m'makina, ndipo mayiwo ankamuphunzitsa mokalipa ngati mmene ankachitira ndi aliyense. Ndinamupezapo Asiyatu akulira kuseri kwa shedi. Ndinamufunsa chifukwa chimene sakuchokera. Anati azakhali ake amuuza kuti tsiku limene adzasiye kumukalipira adzadziwe kuti amutaya.

Che Yusufu sanalowenso m'shedimo. Amayi ake ankapita kunyumba kwake pa Idi, ankanyamula adzukulu, ankadya naye, koma za makina panalibe wotchula. Chimene ndinaona ine n'chakuti akapita ku Blantyre kukaoda nsalu, pobwera galimoto yake inkaima pakhomo pa shedi, iye n'kutsitsa zipepala za labala wosaphika, n'kuzisiya pakhomopo, n'kumapita. Amayi ake ankadikira galimoto ichoke, n'kutuluka, n'kutsina labalayo ndi chikhadabo, n'kudandaula kuti wasankha wouma. Anachita zimenezi zaka zonse zotsalazo, wina osathokoza, wina osasiya.

Chaka chawo chomaliza miyendo inatupa ndipo sankathanso kuima nthawi yaitali. Ankabwerabe, pa kabaza, n'kukhala pa mpando pafupi ndi ngalande ya madzi, n'kumayang'ana labala akutuluka. Maso anali atafooka, ndiye ankamuyendetsa pakati pa zala zawo ziwiri zija, ndipo akamva kathuza kapena pokhakhala ankangokweza mutu, Asiyatu n'kuzimitsa makina. Mwezi umene anadwala komaliza anaitana Che Yusufu, Asiyatu, shehe wa mzikiti wawo ndi ine. Ananena pamaso pa tonse kuti makina, madayi ndi matupa ndi za Asiyatu, wapatsidwa iwo ali moyo, ndipo aliyense wofuna kutsutsa atsutse pomwepo iwo akumva. Anayang'ana mwana wawo. Che Yusufu anati, "Ndamva, amao." Iwo anati, "Sindinafunse ngati wamva." Iye anati, "Ndavomera." Kenako anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti ndichepetse wailesi.

Anamwalira m'nyengo yotentha, m'nyumba imene mwana wawo anawamangira, momwe anagonamo milungu yochepa yokha.

Mwini malo amene panali shedi yawoyo sanafune kuti Asiyatu apitirize pamenepo, chifukwa cha fungo lija. Asiyatu anasamutsira makina kutsidya kwa mlatho, ndipo akugwira ntchito. Amene anabweretsa lole yosamutsira anali Che Yusufu.

Shedi ija ikadalipo. Chitseko chake n'chotseka ndi waya. Ndikasuzumira pa mpata wa malata ndimaona dzuwa likulowa pa mabowo a denga n'kugwera pa simenti yopanda kanthu. Pakona pamene panali thanki khoma linachita dzimbiri mpaka kubooka, ndipo mphaka wina waberekerapo. Pafupi ndi pakati simenti inakumbika pang'ono, malo okwana mapazi awiri, ndipo mvula ikadontha madzi amaima pamenepo. Masana kumakhala zii moti ndimamva anthu akukambirana kutsidya kwa msewu, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndasiya nyundo m'mwamba, ndikudikira kuti wina andikalipire.

Pa simentipo patsala mabawuti anayi okhuthala ngati chala chachikulu, amene ankagwira miyendo ya makina. Anazikika mozama. Mwini malo wapeza mnyamata wofuna kutsegulapo malo oonetsera mpira pa kanema, ndipo mnyamatayo anapunthwa pa bawuti limodzi tsiku limene anabwera kudzaona, n'kuchoka akutsimphina. Anayesa kuwazula ndi chitsulo, anakanika. Anayesa ndi sowo, mano a sowo anatha. Mwini malo anabwera kwa ine kudzandipempha kuti ndikawadule ndi galayindala, ntchito yosatenga nthawi.

Ndinamuuza kuti galayindala yanga inafa. Anaiyang'ana ili pa tebulo, ikadali yotentha, n'kundiyang'ana ine. Wabweranso kawiri. Sinakonzedwebe.